Chiphaso cha sitolo si lisiti la msonkho

Pa 2 Malichi 2022 achipatala adatsimikiza kuti munthu wina wochokera m'boma la Balaka, amene adagonekedwa pa chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde, adali ndi matenda a kolera. Tsiku lotsatira Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti matendawa abuka m'dziko muno. Apo nkuti patangopita masabata ochepa chiwombere namondwe wa Ana, amene adagumula zimbudzi ndi kuipitsa zitsime m'chigawo cha kummwera. Nthendayo idafalikira m'maboma onse, ndipo pofika mu Ogasiti 2023 anthu oposa 58,000 adali atadwala, oposa 1,700 atamwalira.

Mliriwu utafika poipa, Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, adalengeza pa 5 Disembala 2022 kuti dziko lili pangozi ya zaumoyo. Boma lidaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa. Ntchito yoyendera malo amalonda ndi kutseka amene adali auve idagwera makhonsolo. Apa mpamene anthu ambiri adakumbukira kuti khonsolo ili ndi mphamvu ina kuwonjezera pa yodula ziphaso za mumsika m'mawa uliwonse. Ili ndi mphamvu yokhoma loko pachitseko cha sitolo ya munthu ndi kumulanda chilolezo chochitira malonda pamalopo.

Mphamvu imeneyi ndi yofunika, pakuti popanda iyo moyo wa ogula ukadakhala m'manja mwa aliyense amene ali ndi sikelo ndi kauntala. Koma ndi yoopsanso, chifukwa imatha kuthetsa m'tsiku limodzi zimene banja lidasonkhanitsa zaka khumi. Nchifukwa chake nkoyenera kufunsa kuti khonsolo iyenera kulanda chiphaso pa zifukwa ziti, ndi m'njira yotani. Tawuni ya Liwonde, kumene mliri uja udayamba kudziwikira, ndi malo abwino oonerapo funsoli.

Chiphaso nchiyani

Lamulo la Maboma Aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yokhazikitsa malamulo ang'onoang'ono a m'dera lawo, amene amayamba kugwira ntchito nduna ikawavomereza. Kupatula lamuloli palinso Lamulo la Zaumoyo la 1948, limene limaletsa uve ndi kugulitsa chakudya choonongeka. Lamulo la Mowa la 1979. Ndi lamulo la ziphaso za malonda la 2012. Pansi pa malamulo amenewa munthu satsegula golosale, malo odyera, butchala kapena malo omwera mowa mongodzukira. Amayamba wapempha chiphaso, chimene ambiri amachitcha laisensi.

Chiphaso cha malo amalonda chimanena za nyumba yeniyeniyo ndi zochitika mmenemo. Chimatsimikiza kuti pamalo akutiakuti pali chimbudzi, pali madzi, pali potayira zinyalala, denga silidontha pa matumba a ufa, ndipo malonda amene akuchitika ndi omwe adapemphedwa. Ndi pangano la anthu atatu: mwini sitolo amalonjeza kusunga malamulo, khonsolo imalonjeza kuyendera malowo, ndipo wogula amalowa ndi mtima pansi podziwa kuti wina adaona zimene iye sangathe kuziona. Ndalama imene imaperekedwa potenga chiphaso ndi gawo laling'ono la panganolo.

Vuto lagona pakuti lamulo lomwelo la 1998 limawerengera ziphaso pakati pa njira zimene khonsolo imapezera ndalama zakezake, pamodzi ndi misonkho ya nyumba ndi ya m'misika. Makhonsolo a m'maboma amadalira kwambiri thandizo lochokera ku likulu, limene nthawi zambiri limafika mochedwa ndiponso moperewera. Tsono ndalama ya ziphaso ndiyo imalipira alonda, osesa mumsika ndi magetsi a ofesi. Zikatere maso a khonsolo amachoka pa chimbudzi cha sitolo n'kupita pa lisiti. Sitolo yauve imene yalipira imatha chaka chonse osaona mlendo, pamene yaukhondo imene yachedwa kulipira imaona loko. Chiphaso chasanduka lisiti la msonkho, ndipo pangano lija lafa ngakhale pepala lake likadali pakhoma.

Matsidya awiri

Liwonde adakula chifukwa cha njira. Mu 1965 padamangidwa Kamuzu Barrage pa mtsinje wa Shire, woyendetsa madzi opita ku makina amagetsi a kumunsi. Mu 1970 njanji yopita ku doko la Nacala ku Mozambique idadutsa pomwepo, ndipo mu 1973 nkhalango yoyandikana nayo idakhala malo osungirako nyama a Liwonde National Park. Msewu wochokera ku Zomba umawoloka Shire pamenepa n'kugawikana, wina kulowera ku Mangochi, wina ku Balaka. Oyendetsa magalimoto akuluakulu, ogula mpunga ndi nsomba, alendo okaona njovu ndi odwala opita kuchipatala, onse amaima pa Liwonde, kudya, kumwa ndi kugona. Malo otere amafuna kuyang'aniridwa kuposa msika wa kumudzi, chifukwa chimene munthu wadya masana pa Liwonde amakadwala nacho madzulo ku Ntcheu kapena ku Namwera.

Komabe kayendetsedwe ka tawuniyi kadagawikana. Mu 1998 dera la Balaka lidapatulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha, ndipo Shire adasanduka malire: tsidya la kummawa ndi la khonsolo ya Machinga, la kumadzulo ndi la khonsolo ya Balaka. Liwonde adali ndi khonsolo yakeyake ya tawuni, koma pamene lamulo la maboma aang'ono lidasinthidwa mu 2010 khonsoloyo idathetsedwa pamodzi ndi za matawuni a Balaka, Dedza, Salima ndi Karonga, ndipo ntchito zake zidalowa m'manja mwa khonsolo ya boma lonse. Khonsolo imene iyenera kuyendera masitolo a pa Liwonde ndi yomweyo imene iyenera kuona za Ntaja, Nsanama ndi Nayuchi, ndi antchito ochepa ndi mafuta a galimoto osakwanira.

Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Ogula a pa Liwonde ndi amodzi, madzi a Shire ndi amodzi, koma oyang'anira ndi awiri, aliyense ndi malamulo ake ang'onoang'ono, mitengo yake ya ziphaso ndi kaundula wake. Ngati makhonsolo awiriwa sauzana zimene apeza, munthu amene walandidwa chiphaso tsidya lino chifukwa chogulitsa nyama yovunda angathe kukweza katundu pa kabaza, kuwoloka mlatho ndi kukapempha chiphaso china tsidya linalo ngati munthu wachilendo. Ogula ake adzamutsatira, pakuti ulendo wake ndi wa mphindi zowerengeka. Wodwala woyamba wa mu 2022 uja adachokera ku Balaka n'kukagonekedwa ku Machinga. Nthenda siipempha chilolezo pa malire a maboma.

Palinso china. Makhansala oyamba a m'nthawi ya zipani zambiri adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo dziko lidakhala popanda makhansala mpaka chisankho cha mu Meyi 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi zimenezo makhonsolo adayendetsedwa ndi antchito a boma popanda osankhidwa owafunsa mafunso. Kusintha kwa mu 2010 kuja kudapatsanso aphungu a Nyumba ya Malamulo mphamvu yovota m'makhonsolo. Zonsezi zidasiya chizolowezi chakuti nkhani ya chiphaso imathera muofesi ya munthu mmodzi kapena pa lamya ya wandale, osati pamsonkhano wolembedwa m'mabuku.

Pamene loko ali woyenera

Palibe munthu woganiza bwino amene angakane kuti masitolo ena ayenera kutsekedwa. Malo odyera opanda chimbudzi m'nyengo ya kolera ndi msampha. Golosale imene imafufuta tsiku lothera ntchito pa zitini za mkaka wa ana ikuba ndiponso ikupha. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, limalanda katundu wotere, koma silingakhale m'tawuni iliyonse tsiku lililonse. Amene ali pafupi ndi khonsolo.

Aphunzitsi ndiwo mboni zazikulu pa nkhani ya mowa wa m'masacheti. Mowa waukali umenewu unkagulitsidwa m'timapepala tating'ono pa mtengo wa switi, m'magolosale ndi m'maokala amene adalibe chiphaso cha mowa, ndipo ana ankaubisa m'thumba la kabudula polowa m'kalasi. Boma lidauletsa mu 2015. Opanga adasintha chotengera n'kuyamba kuuthira m'timabotolo ta pulasitiki, motero vutolo silidathere pomwepo. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo sitolo imene ichita zimenezi mobwerezabwereza, itachenjezedwa, ilibe chifukwa chokhalira yotsegula. Pamenepa kulanda chiphaso ndi chilungamo kwa makolo ndi kwa eni masitolo ena amene amakana ndalama ya mwana wa sukulu.

Chofunika kuona m'zitsanzo zimenezi ndi chakuti sitolo ikulangidwa chifukwa cha chimene yachita, chinthu chooneka, chimene mboni ingathe kuchiloza ndi chala ndipo mwini wake angathe kuchikonza kapena kuchikana.

Zimene mbiri ikukumbutsa

Dziko lino lidaonanso mtundu wina wa kutseka masitolo. Mu 1966 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolanda katundu, limene lidapatsa boma mphamvu yotenga chuma cha munthu popanda bwalo la milandu kumumva. Mu 1970 Dr Hastings Kamuzu Banda adalamula kuti amwenye asiye malonda a kumidzi, ndipo pofika mu 1978 adaloledwa kugulitsa m'mizinda ikuluikulu yokha, monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Cholinga chidali chakuti Amalawi atenge malo awo, koma ambiri amene adalowa m'masitolo aja adalibe mpamba wokwanira ngakhale owakongoza katundu, kotero m'malo ambiri amalonda mizere ya masitolo idakhala yotseka kwa zaka, anthu n'kumayenda ulendo wautali kukagula mchere ndi palafini. A Mboni za Yehova, amene mpingo wawo udaletsedwa mu 1967, adaona zoposa apa: msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1972 udagwirizana kuti achotsedwe ntchito ndiponso kuti malonda ndi ulimi wawo zifooketsedwe.

Ngakhale m'nthawi ya zipani zambiri njira imeneyi idabweranso. Mu 2012, amalonda a ku Karonga atadandaula kuti anthu ochokera ku China akuwalanda msika, boma lidalamula kuti pofika pa 31 Julayi amalonda akunja achoke m'maboma n'kupita m'mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Mu 2023 boma lidauza anthu othawa kwawo kuti abwerere ku msasa wa Dzaleka ku Dowa pofika pa 15 Epulo, ndipo kuyambira mu Meyi apolisi adayamba kuwagwira ndi kutseka masitolo awo. Ambiri mwa iwo adali ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ndipo msasawo, umene udakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, unkasunga kale oposa 50,000.

Zonsezi zidalamulidwa ku likulu, osati ndi makhonsolo, ndipo anthu amasiyana maganizo pa zina mwa izo: alipo amene amati wamalonda wamng'ono wa m'dziko muno ayenera kutetezedwa kwa akunja a mpamba waukulu. Koma pali chimodzi chofanana m'zonsezo. Sitolo idatsekedwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena dziko la mwini wake, osati chifukwa cha chimene chidapezeka pa shelefu. Mwini wake sadafunsidwe kanthu, popeza padalibe chimene akadayankha. Mbiri imeneyi ndiyo imachititsa kuti wamalonda wa lero akaona galimoto ya khonsolo asaganize za chimbudzi chake, koma adzifunse kuti walakwira yani. Khonsolo imene itseka sitolo popanda kufotokoza ikutsimikizira mantha amenewa, ngakhale chifukwa chake chikhale chomveka.

Ndime 43

Olemba malamulo aakulu a dziko lino a 1994 adali ndi mbiri imeneyi m'maganizo. Ndime 29 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wochita malonda ndi kufuna zomuthandiza pa moyo kulikonse m'Malawi. Ndime 43 imati aliyense amene ufulu kapena zinthu zake zakhudzidwa ndi chigamulo cha ofesi ya boma ayenera kuchitiridwa zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kupatsidwa zifukwa zake molemba. Khonsolo ndi ofesi ya boma, ndipo chiphaso ndi chinthu cha munthu. Choncho ndime imeneyi imaima pakhomo pa golosale iliyonse.

Tanthauzo lake pa ntchito ya tsiku ndi tsiku silovuta. Poyamba, woyendera malo alembe zimene wapeza, tsiku lake ndi lamulo limene laphwanyidwa, mwini sitolo alandire kalata yake. Chachiwiri, ngati cholakwacho ndi chokonzeka, monga chimbudzi chodzaza kapena denga lodontha, apatsidwe masiku odziwika okonzera. Chachitatu, chiphaso chisanalandidwe aitanidwe kukadziyankhira pamaso pa anthu ena osati yekhayo amene adamupeza ndi mlandu, pakuti wogwira wakuba sakhalanso woweruza. Chachinayi, chigamulo chilembedwe pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo auzidwe kumene angakadandaule.

Ena adzati nthenda siidikira makalata, ndipo akunena zoona. Pamene moyo wa anthu uli pachiswe, khonsolo iyenera kutseka malowo tsiku lomwelo ndi kutaya chakudya choipacho. Koma kutseka kwa kanthawi ndi kulanda chiphaso ndi zinthu ziwiri. Choyamba chimachotsa ngozi. Chachiwiri chimathetsa malonda a munthu. Ngozi ikachotsedwa palibenso chifukwa chothamangira, ndipo mwini sitolo ayenera kumvedwa. Kusakaniza ziwirizi ndiko kumabala masitolo okhala ndi loko miyezi itatu popanda amene akudziwa kuti mlandu wafika pati.

Wosakhutira ndi chigamulo angathe kupempha Bwalo Lalikulu la Milandu kuti liunikenso zimene khonsolo yachita, ndipo pempho lotere liyenera kuperekedwa msanga, pasanathe miyezi itatu. Kwa anthu a ku Liwonde bwalo lapafupi lili ku Zomba. Angathenso kudandaula kwa Ombudsman, amene salipiritsa. Koma loya ndi wodula, ndipo mwini okala amene mpamba wake wonse uli m'makatoni khumi sangafike kumeneko. Kwa iye chilungamo chimene sachipeza pa khonsolo sadzachipezanso kwina. Ndiponso kumene kulibe ndondomeko yolembedwa loko amakhala ndi mtengo: wina amatsegulidwa madzulo omwewo atapereka ya fanta, wina amakhalabe wotseka chifukwa mwini wake alibe womudziwa.

Khonsolo nayo ili ndi mbali yake ya pangano. Imatolera ndalama mumsika tsiku ndi tsiku, ndipo ogulitsa m'matawuni ambiri akhala akunyanyala kulipira chifukwa chosowa zimbudzi, madzi ndi ochotsa zinyalala. Khonsolo imene itseka malo odyera chifukwa chosowa chimbudzi, pamene msika wake womwe ulibe chimbudzi chogwira ntchito, ikhoza kukhala kumbali ya lamulo koma sidzakhala ndi ulemu wa anthu. Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga: uve wambiri wa m'masitolo umayambira pa ngalande zotsekeka ndi mipope youma, zimene mwini sitolo sangazikonze yekha.

Kwa amene akuyamba malonda

Achinyamata ambiri amene amaliza Folomu 4 sadzalembedwa ntchito muofesi. Adzayamba ndi okala, saluni, chiwaya cha tchipisi kapena kashopu kotumizira ndalama pa foni, ndi mpamba wochokera ku banki mkhonde kapena kwa amalume. Kwa munthu wotere loko wa sabata imodzi amatanthauza buledi woumbira pa shelefu, lendi yosalipidwa ndi ngongole imene chiwongoladzanja chake sichiima. Ayenera kudziwa zinthu zochepa zimene zingamupulumutse. Asanalipire lendi ya nyumba afunse kukhonsolo ngati malowo ndi ololedwa pa malonda amene akufuna. Awerenge zolembedwa pa chiphaso chake, pakuti chiphaso cha golosale si cha mowa. Ndalama iliyonse imene apereka alandire lisiti la khonsolo. Akauzidwa kuti atseke apemphe kalata mwaulemu, ayankhe molemba, asunge kope lake, ndipo adziwitse khansala wa dera lake.

Mphamvu yomweyi ndi ya ogulanso. Komiti ya sukulu imene ikuona sitolo yoyandikana nayo ikugulitsa mowa kwa ophunzira siyenera kudikira kuti achinyamata okwiya akaphwanye mawindo. Ingathe kulembera khonsolo, kutchula masiku ndi zimene zidaoneka, ndi kupempha kuti chiphaso cha malowo chiunikidwenso. Mphunzitsi wa maphunziro a zachikhalidwe ndi ufulu wa anthu ali ndi phunziro lokonzeka kale pakhomo pa sukulu yake.

Makhansala amene adasankhidwa pa 16 Seputembala 2025 ku Machinga ndi ku Balaka ali ndi ntchito imene siifuna thandizo lochokera kunja. Angathe kukhala pamodzi ndi kugwirizana mfundo zofanana za ukhondo pa matsidya onse a Liwonde, kusunga kaundula mmodzi wa ziphaso zolandidwa, kupatula ntchito yoyendera malo ku ntchito yotolera ndalama, ndi kukhoma ndondomeko yonse m'Chichewa ndi m'Chiyao pachipata cha msika, kuti wogulitsa aliyense adziwe chimene chingamutsekere sitolo ndi kumene angakalire. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mvula imabwera chaka ndi chaka, Shire amasefukira, ndipo chipatala cha pa Liwonde chimalandira odwala a matsidya onse awiri. Kuyendera zimbudzi za masitolo mu Okutobala ndi kotsika mtengo kuposa kumanga matenti a odwala mu Malichi.